Mliri Sunyamula Citupa

Munthu woyenda m'dziko la Mfumu Pembamoyo, m'boma la Vubwi, angathe kuoloka malire a Zambia osadziwa kuti waoloka. Palibe mpanda, palibenso mtsinje waukuru woti nkumuimitsa. Cimanga ca tsidya lino ndi ca tsidya lija cimamera mofanana, akazi amapereka moni m'cinenero cimodzi, ndipo ng'oma ya gule ikalira usiku ku Zambia, anyamata a ku Malawi ndi a ku Mozambique amaimva, nabwera kudzaonerera. Malire amenewa anawalemba ndi Azungu. Angerezi ndi Apwitikizi anapangana za gawo lao m'caka ca 1891, osafunsa Acewa amene anali kukhala pamenepo. Cotero mtundu umodzi unapezeka uli m'maiko atatu, pansi pa maboma atatu. Kwa zaka zambiri anthu a kumidzi sanasamale kwenikweni za mzere umenewu, pakuti sunawaletse kukwatirana, kulirana maliro, kapena kufunana ganyu. Koma m'caka ca 2020 mzerewo unadzuka ngati njoka imene anthu anali kuiyesa cingwe.

M'mudzi wina wa kumeneko mumakhala mkulu wina, mkamwini, amene tsitsi lace layera tsopano. Iye anabadwira tsidya la Malawi, m'boma la Mchinji. Pa unyamata wace analembetsa nchito ya m'migodi ya golidi ku Joni, kupyolera m'bungwe la TEBA, limene akale anali kulidziwa ndi dzina la Wenela. Anagwira nchito pansi pa nthaka zaka zingapo, nagula njinga, wailesi ndi malata a nyumba ya amace. Citupa cace cinali coongoka, cidindo ciri conse pamalo pace, ndipo iye anakhulupirira kuti munthu wokhala ndi mapepala abwino sangacotsedwe nchito popanda mlandu.

Cikhulupiriro cimeneci cinatha ndi mliri wa Edzi. M'caka ca 1987 boma la South Africa linaika lamulo loletsa alendo okhala ndi kacilombo ka nthendayi kulowa m'dzikomo. Eni migodi anafuna kuti amuna a ku Malawi ayambe apimidwa magazi asanalembedwe nchito, koma boma la Dr. Banda linakana. Pamene akuluakulu anali kukangana, anapweteka ndi anchito. Pakati pa 1988 ndi 1992 amuna okwana ngati 13,000 anabwezedwa ku Malawi, odwala ndi amoyo omwe, ndipo khomo la kumigodi linatsekeka. Mkuluyu anali mmodzi wa iwo. Sanadwale, sanabe kanthu, sanacite ndeu ndi kapitao. Anangouzidwa kuti dzina la dziko lace silifunikanso. Atakhala pang'ono kwao wopanda cocita, anaoloka kudza ku Vubwi kudzalima fodya pa munda wa munthu wina. Kumeneko anaona mkazi, nakwatira, nalowa cikamwini monga mwa mwambo wa Acewa. Munda ndi wa mbumba ya mkazi wace, ana ndi a kucikazi, ndipo dzina lace linalembedwa m'buku la nyakwawa. Pepala lina la boma sanalifune, ndipo kwa zaka makumi atatu panalibe munthu anamfunsa.

Tsono fodya ndi mbeu ya nchito yambiri. Nazale imafesedwa dzuwa liri pamutu, mbande zimaokedwa ndi mvula yoyamba, ndipo kuyambira mwezi wa Januwale pali kuthyola, kusoka ndi kupacika masamba m'cigafa, kenaka kusankha ndi kudinda mabelo. Banja limodzi silingathe zonsezi. Cifukwa cace caka ndi caka mkuluyu amalandira anyamata ocokera kwao ku Mchinji. Amadza ndi kathumba ka zobvala ndi khasu, amadya nsima ya pakhomo pomwepo, ndipo malipiro ao amalandira fodya atagulidwa. Macitidwe awa si a ku Vubwi kokha. Ku Sinda, m'dziko la Mfumu Nyanje, ndi kumwera kwa Katete, anthu a ku Mozambique amadza kudzapalira ndi kudzatola thonje, ndipo a ku Zambia nao amapita tsidya lija kukafuna malo olima kapena kukagula mbuzi. Onsewa, pa maso pa lamulo, ndi alendo ogwira nchito m'dziko la eni.

Lamulo la Zambia la za olowa ndi oturuka m'dziko, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 2010, linachula zitupa za mitundumitundu. Pali cilolezo ca nchito, cimene wolemba nchito amapemphera mlendo waluso, monga dotolo, mphunzitsi kapena katswiri wa makina. Pali cilolezo ca nchito ya kanthawi, ca miyezi yowerengeka. Pali citupa ca amalonda oolotsa katundu, ndiponso kacitupa ka anthu okhala m'mbali mwa malire, kamene kali ka ulendo waufupi, osati ka nchito. Zonsezi ndi zabwino kwa amene zinawakonzera. Koma mnyamata wosoka fodya sangakwane m'ciri conse ca izo. Mlimi womlemba nchito alibe ndalama zomlipirira cilolezo, ndipo cipata ca boma ciri kutali, ku Mwami kapena ku Chanida, pamene kanjira ka m'thengo kafika kwao dzuwa lisanapendeke. Motero alendo anchito anakhala a magulu awiri: a mapepala, amene boma liwadziwa, ndi a makasu, amene adziwika kwa nyakwawa yekha.

Mbiri ya nthenda yatsopano inafika m'mudzimo pa wailesi. Pa 11 Marici 2020 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linanena kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse lapansi. Pa 18 Marici anthu awiri oyamba anapezeka nayo m'Zambia, ndipo pa 20 Marici masukulu anatsekedwa. Pa 25 Marici Pulezidenti Edgar Lungu analankhula ku mtundu: ndege zocokera kunja zitere ku Lusaka kokha, maviza a anthu ocokera ku maiko a mliri apendedwe mosamala, olowa m'dziko apimidwe, misonkhano isapitirire anthu 50. Wofika kucokera ku dziko la mliri anayenera kubindikira masiku 14. Zambia sanatseke malire ace onse, pakuti ndi dziko lopanda nyanja yamcere, ndipo mafuta, feteleza ndi mankhwala zimadza pa malole; cipata ca Nakonde cokha ndico cinatsekedwa masiku owerengeka kuyambira pa 11 Meyi, odwala atacuruka kumeneko.

Maiko oyandikana nao anacita zao. Boma la Mozambique linaleka kupereka maviza, nilifafaniza ndi amene linapereka kale, ndipo linalamula kuti kuyambira pa 1 Epulo dziko liri pa ngozi. Ku Malawi ndege za kunja zinaleka kutera, ndipo boma linafuna kutsekera anthu m'nyumba masiku 21, koma khoti lalikuru linaletsa pa 17 Epulo. Cotero mudzi umene uli pa mphambano ya maiko atatu unamva malamulo atatu pa mawailesi atatu, ndipo lamulo la sabata ino silinali kufanana ndi la sabata yatha. Munthu wa mapepala akanatha kupita ku ofesi kukafunsa kuti citupa cace ciri pati. Wa khasu analibe kofunsa, pakuti kufunsa kunali kudziulula.

Caka cimeneco mkuluyu anali ndi anyamata anai. Fodya anali m'cigafa, wina wouma, wina wosauma, ndipo msika unali usanatsegulidwe. Tsiku lina nyakwawa anaitanitsa eni mabanja pa bwalo, atakhala motalikirana monga anauzidwira. Anafotokoza mau ocokera ku boma, akuti mudzi uli wonse uyang'anire alendo olowa, ndi kuti wobwera kucokera kunja adziwike kwa a zaumoyo. Mauwo anali oyenera, koma mantha anawaonjezera mcere. Munthu wina anaimirira nati, "Nthendayi idza ndi alendo. Anyamata a ku Malawi amene ali m'zigafa zathu apite kwao lero lomwe, tisanaikidwe m'manda tonse." Ambiri anabvomereza, makamaka iwo amene sanabzale fodya.

Mkamwini salankhula msanga pa bwalo la eni mudzi. Mkuluyu anayamba waomba m'manja, nadikira kufikira nyakwawa atamloza. Pamenepo anati, "Zikomo mfumu, ndi inu eni mudzi amene munandisunga. Anyamata awa anafika kuno mwezi wa Okutobala, nthendayi isanamveke ndi ku Ulaya komwe. Madzi amene mwamwa inu ndiwo amwa iwo. Ngati ali nayo, aitenga kwa ife. Mukawapitikitsa lero apita manja ali m'khosi, pakuti fodya sanagulidwe. Ndipo njala ikawapweteka kwao adzabweranso, koma usiku, osaonekera kwa mfumu. Ine ndinapitikitsidwapo kale pa nchito cifukwa ca nthenda imene ndinalibe. Kodi kucoka kwanga kunaciza munthu ndi mmodzi yemwe ku Joni? Ndipo ngati mlendo ali yense acoke, yambani ndi ine, pakuti nanenso pepala ndiribe."

Pa bwalo panakhala zii. Ambiri anali ataiwala kuti mkuluyu ndi wa tsidya lija, popeza adzukulu ace anali kusewera pa mabwalo ao. Ena anakumbukira kuti amai ao anabadwira ku Chifunde, m'dziko la Mozambique, ndi kuti manda a makolo ao ali komweko. Nyakwawa anaweramitsa mutu kanthawi, ndipo anaweruza motere: anyamata amene ali kale m'mudzi akhale, ndipo maina ao ndi midzi yao zilembedwe m'buku, asapite kwao ndi kubwerera mwacisawawa, wofika kumene agone m'msasa wa kumunda masiku 14, cakudya ampatsire patali, ndipo mlangizi wa zaumoyo auzidwe. Ciweruzo cimeneci sicinalembedwe m'lamulo liri lonse la ku Lusaka, komabe cinacita cimene lamulo linali kufuna, ndico kudziwa amene ali m'dziko ndi kumene wacokera.

Ngakhale zinatero, mantha sanathe. Anyamatawo anamva mphekesera zakuti mlendo wopezeka akutsokomola amatengedwa pa galimoto, natsekeredwa kumene abale ace sangamuone. Tsono m'mwezi wa Epulo wamng'ono wa iwo, mnyamata wa zaka ngati 18, anayamba kumva mutu ndi kuphwanya m'thupi. Anzace anambisa kuseri kwa cigafa, namfunditsa masaka, namcenjeza kuti asabuule. Masiku atatu anapita. Mai wa pakhomopo ndiye anazindikira, poona kuti mbale imodzi ya nsima iri kubwerera yosakhudzidwa. Anapita kukaona, napeza mwanayo thupi liri moto, maso atatembenuka, akulankhula zosamveka.

Anathamangira kwa mwamuna wace nati, "Bambo, mwana wa eni ali kufa m'manja mwathu. Tidzawauza ciani amace?" Mkuluyo anati, "Tikapita naye kucipatala adzafunsa mapepala, ndipo mlandu udzagwera pakhomo pano." Mkaziyo anayankha, "Mlandu wa pepala ndi mlandu wa maliro, waukuru ndi uti? Tengani njinga." Anammangirira mnyamatayo kumsana kwa mnzace ndi citenje, ndipo mkuluyo anakankha njingayo usiku wonse kufikira pa kacipatala ka m'dera lao. Namwino anaturuka atabvala cophimba pakamwa ndi pamphuno. Anafunsa dzina la wodwala, mudzi umene akhala, ndi tsiku limene anayamba kudwala. Za citupa sanafunse. Anambaya cala, napima magazi, napeza kuti ndi malungo, nthenda yakale ya masiku a mvula, imene mankhwala ace analipo pa shelefu nthawi yonseyi. Anati akadacedwa tsiku lina limodzi, mwanayo sakadacira. Mnyamatayo anatsala pang'ono kufa, osati ndi mliri, koma ndi kuopa lamulo limene sanalimvetse.

M'masiku omwewo mkuluyu anali ndi nkhawa yina. Mwana wa mlongo wace anali ku Johannesburg, kumene anali kugwira nchito m'nyumba yodyeramo. Analowa m'dzikomo ndi pasipoti yabwino, koma masiku amene anamdindira anatha kalekale, monga zicitikira ndi ambiri. Kuyambira pa 27 Marici 2020 South Africa anatsekera anthu onse m'nyumba, atatseka kale zipata 35 mwa zipata 53 za pamtunda. Nyumba zodyeramo zinatsekedwa, nchito inatha. Boma la kumeneko linacita cifundo pa mbali yina: linati alendo amene maviza ao anatha kuyambira pa 15 Febuluwale 2020 sadzalangidwa, ndipo tsiku lomaliza la cifundoco linasunthidwa kangapo. Linaperekanso thandizo la marandi 350 pa mwezi kwa osowa nchito, ndipo khoti linalamula m'mwezi wa Juni kuti opempha malo othawirako ndi okhala ndi zilolezo zapadera alandireko. Koma zonsezi zinali za anthu okhala ndi pepala loti nkulionjezera masiku. Amene analibe pepala analibe coonjezera.

Mnyamatayo anaimba foni usiku wina nati, "Amalume, lendi yandikanika, ndipo cakudya catha. Ndigulitse foni ino ndikwere basi, kapena ndipirire?" Mkuluyo anakumbukira tsiku limene iye mwini anatsika ndi sutukesi yace, osadziwa cimene adzauza amace. Anati, "Bwera, mphwanga. Umphawi wa kwanu uli ndi ndiwo za m'dimba; wa kwa eni ulibe." Kuyambira mwezi wa Meyi mabasi anayamba kutuluka m'South Africa atadzaza Amalawi, kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete, kulowera pa Mwanza. Ofika anayenera kudikira kuti apimidwe, ndipo kumapeto kwa mwezi umenewo anthu oposa 400 anathawa pa bwalo la masewera la Kamuzu ku Blantyre, kumene anawasunga, zotsatira za kupimidwa kwao zisanaturuke. Anthu anawadzudzula kwambiri, ndipo kuthawako kunalidi koopsa. Koma munthu amene wakhala zaka akubisala apolisi saphunzira tsiku limodzi kukhulupirira kuti pomlemba dzina afuna kumthandiza. Mwana wa mlongo wa mkuluyu anafika pa basi yina pambuyo pace, wopanda kanthu koma cikwama ca zobvala. Caka cotsatira anali m'cigafa ca amalume ace ku Vubwi, mlendo wopanda citupa kaciwiri.

Zinthu zotere si zacilendo m'dziko lino. Pa mliri wa fuluwenza wa 1918, anchito anafa ambiri m'makomboni a migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo otsala anathawa, nayenda pansi kubwerera kwao kumpoto, ena atanyamula nthendayo m'cifuwa. Amuna amenewo anapita ku Walale cifukwa ca msonkho, ndipo anafunidwa pamene manja ao anali olimba. Nthenda itabuka, panalibe amene anadziyesa mwini wao. Kuyambira masiku a citupa ca Atsamunda kufikira lero, mlendo wanchito amaitanidwa pa nthawi ya kukolola, nakumbukiridwa kuti ndi mlendo pa nthawi ya maliro.

Nao a mapepala anaona zao. Pa mseu wocokera pa Katete kupita ku Chanida, umene umalowa m'Mozambique pa Cassacatiza ndi kutsikira ku Tete ndi ku Beira, oyendetsa malole anapitirira kuyenda, popeza maiko onse anabvomereza kuti katundu asaime. Koma ulendo unatalika ndi kupimidwa ndi kudikira pa zipata, ndipo m'malo ogona anthu anali kuwathawa ngati akhate, ngakhale feteleza amene anthuwo anathira m'minda yao anadza ndi madalaivala omwewo. Zipatala za mishoni, monga ca St Francis ku Katete, zakhala zikulandira madotolo ndi ophunzira a kunja kwa zaka zambiri. Ndege zitaleka kuuluka, njira ya anthu otere inatsekeka pa nthawi imene odwala anali kuwafuna. Pambuyo pace maiko anayamba kufuna kalata yosonyeza kuti munthu wapimidwa posacedwa ndipo alibe nthendayo. Kwa katswiri wa pa kampani, kalatayo inali cinthu cacing'ono colipiridwa ndi ofesi. Kwa mai wogulitsa zitenje kapena mnyamata waganyu, mtengo wace unaposa phindu la ulendo wonse, ndipo kopimitsira kunali kutauni. Cotero cipata ca boma cinakhala ca olemera, ndipo tinjira ta m'thengo, kumene kulibe wopima kapena madzi osamba m'manja, tinapondedwa koposa kale.

Cimene cinawawa mitima ya Acewa onse cinali ca ku Mkaika. Caka ndi caka, pa Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kumeneko, m'boma la Katete, kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Pa tsiku limenelo munthu safunsidwa dziko lace, koma mfumu yace ndi mfunda wace. M'caka ca 2020 Kulamba sikunacitike, ndipo m'caka ca 2021 sikunacitikenso. Kuleka kumeneku kunali kwanzeru, pakuti khamu lotere likadafalitsa nthenda m'maiko atatu pa sabata imodzi. Komabe okalamba anaona ngati malire a 1891 afika tsopano pakhomo peni peni pa Kalonga.

Munthu asayese kuti maboma analakwa posamala malire. Mliriwo unali woona. M'miyezi ya Juni ndi Julayi 2021 zipatala za m'Zambia zinadzaza, mpweya wa m'mabotolo unacepa, ndipo pofika kumapeto kwa mliri anthu oposa 4,000 anali atalembedwa kuti afa nao m'dziko muno. Anchito a pa zipata za malire anaima pa dzuwa kupima anthu osawadziwa, naika moyo wao pa ngozi. Boma losasamala za olowa m'dziko pa nthawi yotere likadakhala ngati mwini khola wogona citseko ciri pululu. Colakwika sicinali kusamalako, koma kuti malamulo anapangidwa ngati kuti mlendo ali yense amafika pa ndege, ali ndi pasipoti m'thumba ndi kampani kumbuyo kwace.

Ndiponso Zambia yemwe analawa cikho cimene alendo amamwera. M'mwezi wa Novembala 2021 akatswiri a ku Botswana ndi South Africa anazindikira mtundu watsopano wa kacilomboka, wochedwa Omicron, nauza dziko lonse mosabisa. Mphotho yao inali kutsekeredwa zitseko. Pa 28 Novembala dziko la Britain linaika Zambia, Malawi ndi Mozambique pa mndandanda wa maiko oletsedwa, ndipo anamwino, ophunzira ndi anchito amene anali ndi zilolezo zoongoka anasokonezeka maulendo ao. Pa 15 Disembala ciletsoco cinacotsedwa, popeza nthendayo inali itafalikira kale pakati pa eni dziko. Mkulu wa ku Vubwi atamva izi pa wailesi anaseka pang'ono, nati kwa mkazi wace, "Mwaona, mai? Lero dziko lonse la Zambia lasanduka mkamwini." Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Phunziro la masiku amenewo ndi losabvuta kulimva. Kacilombo sikadziwa kuwerenga cidindo. Kamalowa mwa mwini dziko ndi mwa mlendo mofanana, ndipo munthu mmodzi wobisala kuseri kwa cigafa angathe kudwalitsa mudzi wonse wa anthu a mapepala. Lamulo loopsa mlendo silimcotsa m'dziko, pakuti njala imene inamtuma ikali pomwepo. Limangomcotsa pa maso pa namwino. Cifukwa cace citupa cimene mmphawi sangacipeze ndi ngozi kwa wolemera yemwe. Pakadakhala kacitupa ka nchito ya nyengo imodzi, kotsika mtengo, kopezeka pa boma la Vubwi, la Sinda kapena la Katete ndi umboni wa nyakwawa, boma likadadziwa ciwerengero ca anyamata a m'zigafa, likadawapima, likadawabaya katemera pamene anafika m'caka ca 2021, ndipo mlimi wosalungama sakadatha kuwamana malipiro powaopseza ndi apolisi. Ndipo maboma atatu olamulira mtundu umodzi akadapangana mau amodzi, anthu a m'malire sakadamva malamulo atatu otsutsana. M'mwezi wa Disembala 2022 atsogoleri a Zambia ndi Malawi anatsegula cipata cimodzi cogwirizana pa Mwami ndi Mchinji, kuti malole ndi apaulendo asaime kawiri. Nzeru imene inapeputsa ulendo wa katundu ingathenso kupeputsa ulendo wa munthu wonyamula khasu.

Fodya wa caka cija anagulidwa, ngakhale mocedwa, ndipo anyamata anai aja analandira ndalama zao pamaso pa nyakwawa, napita kwao masana, pa njira yoonekera. Kulamba kunacitikanso m'caka ca 2022, ndipo mkuluyu anakwera lole pamodzi ndi anzace kupita ku Mkaika, kumene anakomana ndi mbale wace wa ku Mchinji amene sanaonane naye zaka zitatu. Pa 5 Meyi 2023 bungwe la za umoyo lija linanena kuti Covid-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, ndipo makalata a kupimidwa anaiwalika. Mzere wa malire unagonanso mu udzu.

Koma mkuluyu sanaiwale. Mwezi wa Okutobala ukafika, anyamata akatulukira ndi timatumba tao, iye sayamba wawaonetsa nazale. Amayamba wapita nao kwa nyakwawa kuti maina ao alembedwe, ndi maina a amai ao, ndi midzi imene acokera. Pambuyo pace amawatengera pa mtunda, nawalozera denga la malata la kacipatala kaja, nati, "Ana anga, mutu ukawawa, njira ndi iyo. Musadzabisale m'cigafa canga." Mnyamata uja anadwala malungo amabwerabe caka ndi caka, ndipo tsopano wayamba kufunsira mbeta m'mudzi momwemo. Akadzalowa cikamwini, ana ace adzakhala a ku Zambia, ndipo pakadzapita zaka makumi atatu anthu adzaiwala kuti anacokera tsidya lija, kufikira tsiku limene mliri wina udzawakumbutsa.